Mzikiti wa Brick Lane ku London: Mafunso ndi Mayankho

Amene anadutsapo pa Brick Lane, ngakhalenso amene anangoona chithunzi cha mzikitiwu pa intaneti, amakonda kufunsa zinthu zofananafanana. Tasonkhanitsa mafunsowo pano, kuyambira apafupi mpaka ofuna kufatsa nawo.

Kodi mzikitiwu uli pati, ndipo dzina lake lenileni ndi chiyani?

Uli pamphambano pomwe msewu wa Brick Lane ukumana ndi Fournier Street, m'dera la Spitalfields, kum'mawa kwa mzinda wa London. Derali lili pansi pa khonsolo ya Tower Hamlets. Dzina lake ndi Brick Lane Jamme Masjid, koma pomwe unkatsegulidwa mu 1976 unkatchedwa London Jamme Masjid. Jamme Masjid ndi mzikiti waukulu umene anthu amasonkhanamo pa swala ya Ijumaa.

Wobwera pa sitima atsikire pa Aldgate East, Shoreditch High Street kapena Liverpool Street. Kuchokera pa siteshoni iliyonse mwa izi ndi ulendo wapansi wa mphindi zochepa.

N'chifukwa chiyani suoneka ngati mzikiti?

Chifukwa amene anaumanga sankamanga mzikiti. Nyumbayi inamangidwa mu 1743 ngati tchalitchi cha Akhristu ochokera ku France. Kenako inadutsa m'manja mwa mipingo ina iwiri, inakhalapo sunagoge wa Ayuda, ndipo Asilamu ochokera ku Bangladesh ndi amene analowamo pomaliza. Denga lozungulira lija timaliona pa mizikiti yambiri palibe. Mukachotsa nsanja yachitsulo yoima pambali pake ndi zikwangwani za pakhomo, mlendo akhoza kuidutsa osadziwa kuti mkatimo mukuswali anthu.

Anaimanga ndani, ndipo anabwera ku London kudzatani?

Anaimanga ndi Apulotesitanti a ku France otchedwa Huguenot. Mu 1598 mfumu Henri IV inapereka lamulo la ku Nantes, lowalola kupembedza mwa njira yawo m'dziko lomwe ambiri anali Akatolika. Mu 1685 mfumu Louis XIV inafafaniza lamuloli. Matchalitchi awo anagwetsedwa, abusa awo anathamangitsidwa, ndipo anthu miyandamiyanda anathawa usiku ndi usana kulowera ku Netherlands, ku Prussia, ku England, ena mpaka ku Cape, ku South Africa. Amene anafika ku England analipo pafupifupi 50,000.

Ambiri mwa amene anakhazikika ku Spitalfields anali amisiri oluka nsalu za silika. Derali linali kunja kwa malire a mzinda wakale wa London, kumene malamulo a mabungwe a amisiri a mumzindawo sankaluma kwambiri, choncho wobwera ankatha kuyamba ntchito yake popanda kugwadira aliyense. Mukayenda mu Fournier Street lero, kwezani maso muone mawindo aataliatali a zipinda za pansi pa denga. Anawaika dala kuti woluka nsalu aziona ulusi mpaka dzuwa litapendeka.

Tchalitchichi ankachitcha La Neuve Eglise, ndipo chinali nthambi ya tchalitchi chachikulu cha Afalansa cha mu Threadneedle Street. Nyumba yogundizana nacho, ya nambala 59 Brick Lane, inamangidwa nthawi yomweyo kuti ikhale sukulu ndi ofesi ya mpingo. Lero nayonso ndi gawo la mzikiti.

Nanga tchalitchi chinasanduka bwanji sunagoge?

Sizinachitike tsiku limodzi. Zidzukulu za Afalansa aja zinayamba kulankhula Chingerezi, kukwatirana ndi eni dziko ndi kulowa mipingo yawo. Malonda a silika nawo anayamba kulowa pansi. Pofika 1809 mabenchi anali atachuluka kuposa anthu, ndipo nyumbayi inabwerekedwa kwa bungwe lotchedwa London Society for Promoting Christianity Amongst the Jews, lomwe cholinga chake chinali kutembenuza Ayuda kuti akhale Akhristu. Silinakhalitsemo. Mu 1819 analowamo ndi a mpingo wa Methodist, ndipo iwowa anakhalamo zaka makumi angapo.

Mu 1881 mfumu Alexander II ya ku Russia inaphedwa, ndipo mkwiyo wa anthu unagwera Ayuda. Midzi yawo inawotchedwa, ambiri anaphedwa, malamulo owapanikiza anakhwima. Mabanja zikwizikwi ochokera ku Russia, Poland ndi Lithuania anatsikira pa madoko a London n'kudzaza Spitalfields ndi Whitechapel. Ntchito yawo yaikulu inali utelala, kusoka nsapato ndi ukalipentala. Pofika 1898 nyumbayi inali itasanduka sunagoge wa gulu la Machzike Hadath, lomwe linkaona kuti Ayuda okhazikika kale ku England alekerera malamulo a chipembedzo, makamaka pa kaphedwe ka nyama. Inatchuka ndi dzina la Spitalfields Great Synagogue, ndipo m'zipinda za pamwamba ankaphunzitsiramo ana Chiheberi ndi malemba. Kuyambira 1916 mpaka 1919 rabi wa pano anali Abraham Isaac Kook, yemwe pambuyo pake anakakhala rabi wamkulu ku Palestine.

Poganiza bwino, n'zoseketsa ndithu: nyumba yomwe inabwerekedwa kuti Ayuda asiye Chiyuda inadzakhala likulu la Ayuda osasunthika pa chipembedzo chawo.

Asilamu a ku Bangladesh anafika liti m'derali?

Oyamba anafika kalekale, Bangladesh isanakhale dziko. Anali amalinyero a m'sitima zapamadzi za Britain zochokera ku Calcutta, ambiri a iwo ochokera m'boma la Sylhet, lomwe lero lili ku Bangladesh, ndipo ntchito yawo inali yothira malasha m'ng'anjo za injini, pansi penipeni pa sitima. Ena ankati akafika pa doko la London, osabwereranso. Itatha nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, Britain inasowa antchito, ndipo m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 amuna ambiri a ku Sylhet anabwera okha, kusiya mabanja kwawo. Ankagona ambirimbiri chipinda chimodzi, nalowa ntchito m'mashopu osokera zovala ndi majekete achikopa, ambiri mwa mashopuwo eni ake ali Ayuda.

Zinthu zinasintha m'ma 1970. Nkhondo ya ufulu wa Bangladesh ya mu 1971, pamodzi ndi kukhwima kwa malamulo olowera ku Britain, zinachititsa abambo aja kuitanitsa akazi ndi ana awo chitseko chisanatsekeke. Munthu ali yekha amaswali paliponse, ngakhale pakona pa chipinda. Koma pakabwera banja pamafunika madarasa a ana, poswalira maliro, pomangira ukwati ndi pokumanirana pa Idi. Mzikiti wa Brick Lane unabadwa chifukwa cha zimenezi.

Kodi Asilamu anachita kulanda nyumbayi kwa Ayuda?

Ayi. Itatha nkhondo yachiwiri, mabanja achiyuda amene zinthu zinayamba kuwayendera anasamukira kumpoto ndi kum'mawa kwa London, m'madera a nyumba zabwinoko. Sunagoge anatsala ndi okalamba ochepa, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 anatsekedwa. Gulu la Machzike Hadath lilipobe mpaka lero ku Golders Green, kumpoto kwa London. Anthu a ku Bangladesh anasonkherana ndalama, anagula nyumbayo, n'kuitsegula ngati mzikiti mu 1976.

Pali kafotokozedwe kena kokoma kamene operekeza alendo amakonda, konena kuti nyumbayi ndi umboni woti zipembedzo zitatu zimakhalira limodzi mwachikondi. Ife tikuona kuti akuithira shuga wambiri nkhaniyi. Zipembedzozi sizinapempherepo limodzi muno. Gulu lililonse linalowa linzake litatuluka, ndipo chomwe chinkawakokera ku Spitalfields chinali chimodzi: lendi yotsika, madoko pafupi, ndi ntchito ya nsalu yomwe munthu angaigwire asanadziwe Chingerezi. Amene wapeza bwino ankasamuka, wosauka watsopano n'kulowa m'malo mwake. Chosiririka n'chakuti palibe gulu lomwe linaona nyumba ya anzawo ngati yodetsedwa moti sangapembedzeremo.

Kunja kwake kuli zotani zoti munthu aziyang'ana?

Ndi nyumba ya njerwa zotuwira, yamakona anayi, yokhala ndi miyala m'munsi ndi m'mphepete mwa mawindo. Anaimanga mosadzionetsera, monga ankakondera Apulotesitanti a nthawi imeneyo: zifaniziro palibe, nsanja ya belu palibe. Imani pakati pa Fournier Street muyang'ane mbali zonse ziwiri. Kumapeto kwina kuli Christ Church Spitalfields, tchalitchi chachikulu cha miyala yoyera cha mpingo wa Anglican, chomwe anajambula Nicholas Hawksmoor ndipo chinatha mu 1729, nsanja yake yolasa kumwamba. Kumapeto kuno kuli nyumba ya obwera, yofatsa, yosafuna kukopa maso a eni dziko.

Khoma loyang'ana ku Fournier Street lili ndi mizere iwiri ya mawindo. Apansi ndi aafupi, apamwamba ndi aatali, ozungulira kumutu kwake. Mizere iwiriyi ikuulula mmene mkati munalili poyamba: anthu ena pansi, ena pa khonde la m'mwamba, onse maso kwa mlaliki. Pamwamba pa khomali pali chimango cha makona atatu, ndipo pakati pake pali wotchi ya dzuwa. Khoma la ku Brick Lane lili ndi windo lalikulu la magawo atatu, lapakati lalitali ndi lozungulira pamwamba, kamangidwe komwe amisiri a ku England anatengera ku Italy.

Wotchi ya dzuwa ija yalembedwa chiyani, ndipo bwanji Asilamu sanaichotse?

Pali chaka cha 1743 ndi mawu a Chilatini akuti Umbra sumus, kutanthauza kuti ndife mthunzi. Palibe chithunzi cha munthu, mtanda kapena chizindikiro cha mpingo, choncho Ayuda ngakhale Asilamu sanaone choipa. Ndiponso Msilamu ndi mthunzi si alendo: mawotchi asanabwere, nthawi ya swala za Zuhuri ndi Asiri ankaidziwa poyang'ana kutalika kwa mthunzi. Lero ngakhale atafuna kuichotsa, lamulo silingalole. Onani funso la kugwetsa nyumbayi pansipa.

Mkati anasinthamo chiyani kuti mukhale mzikiti?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Tchalitchi ndi sunagoge zimafanana pa chinthu chimodzi: anthu amakhala pa mipando, ndipo khonde la m'mwamba limagwira ntchito bwinobwino. Ayuda analisiya khondelo n'kulipereka kwa amayi. Koma swala imafuna pansi posalala popanda chotchinga, anthu ataima phewa ndi phewa m'mizere yowongoka, aliyense ali ndi malo owerama ndi ogunditsa chipumi pansi. Mabenchi anayenera kutuluka. Khonde lokhala ndi masitepe otsetsereka silingaswaliridwe.

Zaka khumi zoyambirira Asilamu ankaswali mmenemo osasintha zambiri. Anthu atachuluka, cha mu 1986 anakonzanso mkati monse. Makonde akale amatabwa anawachotsa, n'kumanga chipinda chachiwiri choswaliramo pamwamba, pakati n'kusiya malo otseguka kuti a pamwamba azimva imamu. Anaika mihirabu, pomwe imamu amaima, ndi mimbari yoperekerapo khutuba. Anakonzanso potawazira ndi mashelefu a nsapato, zinthu zomwe tchalitchi sichilabadira n'komwe. Lero mumalowa anthu pafupifupi 3,000.

Vuto lina linali kibula, mbali ya ku Makkah yomwe Asilamu amayang'ana poswali. Kwa munthu amene ali ku Malawi, Makkah ili kumpoto, kupendekera pang'ono kum'mawa. Kwa amene ali ku London ili kum'mwera chakum'mawa. Makoma a nyumbayi anatsata misewu: lina layang'ana kum'mawa, lina kum'mwera, ndipo kibula yagwera pakati pa awiriwa. Choncho mizere ya oswali siyendera limodzi ndi makoma, imadutsa mopingasa. Wolowa koyamba amayamba wazunguzika, mpaka ataona mizere ya pa kapeti.

Okonda nyumba zakale anadandaula kwambiri ndi matabwa a m'ma 1700 amene anatayika pa ntchitoyi, ndipo dandaulo lawo si lopanda pake, pakuti zomwe zinachotsedwazo sizidzabweranso. Komabe tiyenera kunena chilungamo: nthawi imeneyo nyumba zambiri zakale za ku Spitalfields zinali kugwa zokha kapena kugwetsedwa ndi mathirakitala. Iyi inapulumuka chifukwa munali anthu okhoma denga likadontha.

Nsanja yachitsulo ija ndi yakale? Muazini amakwerapo?

Si yakale. Inaimikidwa kumapeto kwa 2009, mzikiti utatha kale zaka zoposa 30 wopanda nsanja. Ndi yotalika pafupifupi mamita 29, yopangidwa ndi chitsulo chosachita dzimbiri, zigawo zozungulira zosanjikizana, zobooledwa mwa mapatani a Chisilamu, pamwamba pake pali mwezi. Usiku imayaka magetsi kuchokera mkati. Anaijambula ndi a kampani ya DGA Architects.

Muazini, woitanira anthu ku swala, sakwerapo. Ndi yopyapyala, ndipo ntchito yake ndi kungodziwitsa odutsa kuti pano pali mzikiti. Mukaiyang'anitsitsa muona kuti yaima payokha m'mbali mwa msewu, siinamangidwe pa khoma lakale.

Ndalama zake zinachokera ku thumba lomwe khonsolo ya Tower Hamlets imalandira kwa makampani omanga nyumba zikuluzikulu m'derali. Zimenezi zinautsa mapiri pachigwa. Ena ankati nsanjayo ikuchititsa kuti nyumba ya mbiri ya magulu ambiri izioneka ngati ya gulu limodzi. Ena ankati anthu amene aswalimo zaka zonsezi ali ndi ufulu woika chizindikiro chawo. Khonsolo inkafunanso kumanga zipata ziwiri zachitsulo pa Brick Lane, zomwe anthu ankati zikuoneka ngati mpango wa kumutu wa amayi achisilamu, koma anthu atakana kwambiri, maganizowo anawasiya mu 2010.

Bwanji sanangoigwetsa n'kumanga mzikiti weniweni?

Boma linaika nyumbayi pa mndandanda wa nyumba zotetezedwa mu 1950, ikadali sunagoge, pa mlingo wa Grade II*, womwe ndi wachiwiri kuchokera pamwamba. Kugwetsa n'kovuta kwambiri, ndipo kusintha kulikonse kokhudza maonekedwe ake kumafuna chilolezo. N'chifukwa chake nsanja ija inaima padera.

Za mzikiti weniwenizo, Chisilamu sichilamula denga lozungulira kapena nsanja. Chofunika ndi malo oyera, kibula ndi jamaa. Mizikiti yambiri ya ku Britain ili m'nyumba zomwe kale zinali zogonamo, mashopu, matchalitchi, zoonetseramo kanema, ngakhale mabala. Mu 2021 nyumba yosungira zakale ya Victoria and Albert inaonetsa mzikiti wa Brick Lane pa chionetsero cha zomangamanga cha ku Venice, pamodzi ndi wa Old Kent Road ndi wa Harrow, pofuna kusonyeza kuti luso losandutsa nyumba yakale kukhala mzikiti nalonso ndi umisiri.

Kodi ndi womwewu umene amautcha East London Mosque? Ndiwo wakale kwambiri ku Britain?

Ndi iwiri yosiyana, ngakhale ili moyandikana. East London Mosque ili pa Whitechapel Road. Thumba la ndalama zoumangira linayamba mu 1910, inatsegulidwa m'nyumba za pa Commercial Road mu 1941, ndipo nyumba ya lero, yokhala ndi denga lozungulira ndi nsanja, inatsegulidwa mu 1985. Ndi yaikulu kuposa ya Brick Lane, ndipo azana yake imamveka pa zokuzira mawu mumsewu.

Pa ukale, nyumba ya Brick Lane ndi yakale koma mzikitiwo ndi wa 1976. Woyamba kumangidwa ngati mzikiti ku Britain ndi Shah Jahan wa ku Woking, mu 1889, ndipo mu London ndi Fazl wa ku Southfields, mu 1926.

Timamva za Altab Ali. Zikukhudzana bwanji ndi mzikitiwu?

Zaka zomwe mzikitiwu unkatsegulidwa zinali zowawa kwa anthu a ku Bangladesh. Chipani chatsankho cha National Front chinkagulitsa nyuzipepala zake Lamulungu lililonse kumtunda kwa Brick Lane, ndipo anyamata achizungu ankaswa mawindo ndi kumenya Amwenye m'misewu. Pa 4 May 1978, tsiku la chisankho cha makhansala, Altab Ali, mnyamata wosoka zovala, anabayidwa ndi mpeni ndi achinyamata atatu akuchokera kuntchito, pafupi ndi Whitechapel Road. Patatha masiku khumi anthu pafupifupi 7,000 anayenda pambuyo pa bokosi lake mpaka ku Downing Street, komwe kumakhala nduna yaikulu ya Britain. Kuyambira pamenepo achinyamata a m'derali anasiya kuthawa, anayamba kudziteteza ndi kulowa ndale.

Paki ya pafupi ndi pomwe anaphedwera inatchedwa Altab Ali Park mu 1998. Pa 24 April 1999 munthu wina watsankho anaphulitsa bomba la misomali pa Brick Lane n'kuvulaza anthu. Amene amaswali mu mzikitiwu lero, ambiri ndi ana ndi zidzukulu za amene anaona zimenezi ndi maso.

Msilamu wochokera ku Malawi angaswali mmenemo? Adzaona zosiyana zotani?

Angaswali, khomo ndi lotsegukira Msilamu aliyense. Koma adzaona kusiyana pang'ono. Asilamu ambiri a ku Malawi amatsata mazihabu a Shafi'i, pomwe a ku Bangladesh amatsata a Hanafi. Asiri imaswalidwa mochedwerapo, pamene mthunzi wa chinthu watalika kawiri. Anthu amamanga manja pansi pa mchombo. Imamu akamaliza Fatiha, simumva mzikiti wonse ukuyankha amini mokweza, aliyense amanena chamumtima. Pa swala ya m'bandakucha sawerenga kunuti. Zimenezi zisakudodometseni, swala yanu ndi yolandirika.

Ulaliki wambiri umakhala m'chilankhulo cha Bengali, pamodzi ndi Chiarabu ndi Chingerezi. Nthawi za swala musaziloweze pamtima, chifukwa ku London zimasuntha kwambiri. Mu December dzuwa limalowa 4 koloko masana isanakwane, pomwe mu June limalowa itadutsa 9 koloko usiku. Ramadan ikagwa m'miyezi yotentha, kuchokera pa daku kufika pa futari pamadutsa maola oposa 18. Pa Ijumaa fikani msanga.

Nanga amayi, ndi anthu amene si Asilamu?

Amayi ali ndi malo awo, koma ndi ochepa poyerekeza ndi a abambo. Amene akufuna malo otakasuka amapita ku Maryam Centre, gawo la East London Mosque lomwe linatsegulidwa mu 2013.

Amene si Msilamu ayambe wapempha ku ofesi ya mzikiti, asabwere pa nthawi ya swala, makamaka Lachisanu masana. Avale modzilemekeza, avule nsapato pakhomo, mayi afunde mpango, ndipo asajambule anthu osawapempha.

Kodi anthu a ku Bangladesh nawonso adzachoka ngati mmene anachitira anzawo aja?

Ena anayamba kale kusamukira ku Newham ndi ku Redbridge, madera ena a kum'mawa kwa London, kumene banja lingapeze nyumba yokulirapo. Komabe kalembera wa 2021 anapeza kuti munthu mmodzi pa atatu alionse mu Tower Hamlets ndi wa mtundu wa ku Bangladesh, ndipo Asilamu ndiwo gulu lalikulu la chipembedzo m'derali. Mayina a misewu alembedwa m'Chingerezi ndi m'Bengali, ndipo wadi yomwe muli mzikitiwu imatchedwa Spitalfields and Banglatown.

Chasintha ndi mtengo wa malo. Spitalfields salinso dera la osauka. Nyumba za oluka silika mu Fournier Street zikugulidwa mamiliyoni a mapaundi, mashopu osokera anatsekedwa, ndipo malesitilanti ambiri a zakudya za ku Bangladesh alowedwa m'malo ndi ogulitsa khofi ndi zovala zakale. Fakitale ya mowa ya Truman, yomwe inasiya kufulula mu 1989, tsopano ndi malo a misika ndi zionetsero. Mu 2021 khonsolo inavomereza kuti pa gawo lina la malowo pamangidwe maofesi ndi mashopu, ngakhale anthu zikwizikwi analemba makalata okana pansi pa kampeni ya Save Brick Lane, poopa kuti lendi ikwera n'kuthamangitsa mabizinesi ang'onoang'ono amene atsala.